Utsi wa m'mawa ku Chipata: bwanji umakana kukwera?

Moni nonse a Kum'mawa. Taonani apa. Ndi 6 koloko m'mawa, mwezi wa Julaye, tili paphiri la Kanjala. Tauni yonse ili pansipo, koma utsi wa mbaula sukupita kumwamba. Ukukwera pang'ono, kenako n'kugona chammbali ngati wagunda denga. Denga limeneli lachokera kuti?

Nthawi zambiri munthu ukamakwera m'mwamba kumazizira, pafupifupi madigiri 6.5 pa kilomita iliyonse. Utsi ndi wofunda, wopepuka, ndiye umangokwerabe mpaka kumwazika.

Koma usiku wa nyengo yozizira, kopanda mitambo, mphepo ili zii, zinthu zimatembenuka. Nthaka imataya kutentha komwe inamwa masana, n'kuziziritsa mpweya wapansi. Mpweya wozizira ndi wolemera. Umatsetsereka m'mapiri ozungulira tauniyi ngati madzi, n'kukadikha m'madambo. Wofundirapo umatsala pamwamba, kukhala ngati chivundikiro pamphika. Utsi ukafika pamenepo umapeza kuti suposanso anzake kufunda, basi ulendo wathera pompo. Akatswiri a zanyengo amati temperature inversion.

Inu opalasa njinga mbandakucha kupita kumsika wa Kapata, izi mumazidziwa ndi zala zanu. Kumtunda kumakhala bwinoko, koma mukangotsikira kumtsinje wa Lunkhwakwa zala zimauma pahandulo, mabuleki osagwirika. Akumadimba nawonso: tomato wa m'dambo amapsa ndi chisanu pomwe wa pachitunda ali gwa. Si matsenga ayi, agogo. Ndi mpweya wozizira uja unagona mmenemo. Ngakhale ng'oma za gule zomveka kutali usiku, chivundikirochi chimathandizapo, chifukwa chimabwezera phokoso pansi.

Choopsa chake n'chakuti zonse zimene tawotcha timazipuma tokha. Ku London, mu Disembala 1952, utsi wa malasha unatsekeredwa chonchi masiku asanu, ndipo anthu osachepera 4,000 anamwalira. Kwathu kuno sizifika pamenepo, komabe ine zowotcha zinyalala ndi mapulasitiki madzulo mu Juni zimandinyansa. Utsiwo sukupita kulikonse, ukukagona pawindo la mwana wa aneba wodwala mphumu.

Tsopano taonaninso tauni ija. Ili cha m'ma 9 koloko. Dzuwa lafunditsa nthaka, mpweya wapansi wayamba kukwera, chivundikiro chang'ambika. Nyumba zija zayamba kuoneka imodziimodzi.