Makalata a Omvera: Kodi Anthu a ku Taiwan ndi Matchaina?

Takulandirani omvera athu. Sabata yatha tinakamba za chilumba cha Taiwan, ndipo makalata abwera mulu. Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Katoto, ku Mzuzu.

"Mwana wanga woyamba ndinachilira pa chipatala chachikulu cha Mzuzu, nthawi yomwe kunali madokotala ochokera ku Taiwan. Ife tinkangoti Matchaina. Tsiku lina mmodzi anandiuza mwaulemu kuti kwawo ndi ku Taiwan. Nanga poti nkhope ndi chilankhulo n'zofanana, kusiyana kuli pati?"

Amayi, dokotalayo sankakana makolo ake ayi. Makolo a anthu ambiri a ku Taiwan anaolokadi nyanja kuchokera ku China, makamaka chigawo cha Fujian, kuyambira zaka za m'ma 1600. Pachilumbapo anapeza eni nthaka monga Amis, Atayal ndi Paiwan, omwe zilankhulo zawo si Chitchaina n'komwe. Kenako njira zinapatukana. Kuyambira 1895 mpaka 1945 chilumbachi chinali m'manja mwa Japan, moti agogo ena kumeneko anaphunzira sukulu m'Chijapani. Mu February 1947 anthu anaukira akuluakulu omwe boma la China linatumiza, ndipo asilikali anapha anthu zikwizikwi. Mu 1949 a Chiang Kai-shek, mtsogoleri wa boma la China la nthawi imeneyo, atagonja kwa achikomyunizimu, anathawira komweko ndi anthu oposa 1 miliyoni, ndipo ulamuliro wa asilikali unakhala zaka 38.

Chomwe chimandikhudza ine n'cha ana asukulu. Mwana akalankhula Hokkien, chilankhulo chomwe anayamwira, ankamulipiritsa chindapusa kapena kumukoloweka kachikwangwani m'khosi kuti anzake amuone. Boma la nthawi imeneyo linkafuna Chitchaina cha Mandarin basi. Ana amenewo ndiwo anadzavota mu 1996, pomwe anthu anasankha okha pulezidenti koyamba, a Lee Teng-hui. Kafukufuku wa yunivesite ya Chengchi akusonyeza kuti mu 1992 odzitcha a ku Taiwan basi sankafika 20 pa 100 alionse, koma masiku ano apitirira 60.

Kalata ina ndi ya bambo wa ku Lilongwe. "Abwana anga pasitolo ndi ochokera ku China. Iwo akuti Taiwan ndi mwana wosochera, adzabwerera pakhomo, chifukwa mwambo ndi umodzi. Akunama?"

Bambo, abwana anuwo akunena zomwe boma la Beijing limanena, ndipo Malawi inavomereza zomwezo mu December 2007, nthawi ya a Bingu wa Mutharika, itathetsa ubale wa zaka 41 ndi Taiwan. Mu Africa muno yatsala Eswatini yokha pa ubale ndi Taiwan. Pa za mwambo sakunama. A ku Taiwan amakalambula kumanda a makolo chaka chilichonse mu April, amalembabe zilembo zakale zomwe ku China anazifewetsa, ndipo nyumba yosungira zakale ya National Palace Museum ku Taipei ili ndi zinthu za mafumu a ku China pafupifupi 700,000. Koma ine ndikuona kuti kulambula manda amodzi sikukakamiza anthu kukhala pansi pa boma limodzi, makamaka anthu 23 miliyoni omwe anazolowera kusankha ndi kuchotsa atsogoleri awo.

Mwambo womwe ndimalakalaka nditadzauona ndi wa Mazu, mulungu wamkazi wa asodzi, amene chipembedzo chake chinachokera ku Fujian komweko. Chaka ndi chaka khamu limanyamuka pa kachisi wa ku Dajia, ku Taiwan, n'kuyenda wapansi masiku 9, mtunda woposa makilomita 300. Okhala m'mphepete mwa msewu amatulutsa mapoto a chakudya kudyetsa alendo ulere, ndipo ena amagwada pamsewu mutu pansi kuti machira onyamula Mazu awadutse pamwamba, alandire madalitso.

Nthawi yatithera. Achimwene a ku Zomba omwe mwafunsa za eni nthaka aja ndi nyimbo zawo, kalata yanu taisunga, tidzayamba nayo sabata ya mawa.