Makalata a omvera: "Mnzanga akamapita kokalandira amadzera kuseri kwa nyumba"

Moni nonse kulikonse kumene mukutimvera madzulo ano. Sabata yatha tinakamba za thandizo limene maboma amapereka kwa anthu ovutika, ndipo makalata abwera ambiri, ena papepala, ena pa WhatsApp. Onse sindingawathe. Ndasankha anayi, ndipo ndiyamba ndi imene yandisowetsa tulo. Yalembedwa ndi pensulo, papepala long'amba m'kope la kusukulu.

"Mwana wanga wa pa wailesi, ine ndine mayi wokalamba wa ku Dowa. Akundilembera ndi mdzukulu wanga wa Sitandade 7 poti maso anga saonanso bwino. Ndikulera adzukulu anayi, ana a malemu mwana wanga wamkazi. Olemba maina atabwera m'mudzi muno anandifunsa kuti ndimadya kangati, nyumba ndi yofolera ndi chiyani, ndili ndi ziweto zanji. Ndinayankha zoona zokhazokha. Maina a Mtukula Pakhomo atatuluka, langa panalibe, koma la mnzanga woyandikana naye nyumba linalipo. Nsanje ndilibe, nayenso ngovutika, timapemphana mchere ndi moto. Chikundiwawa n'chakuti sitichezanso ngati kale. Iye akamapita kokalandira amadzera kuseri kwa nyumba kuti ndisamuone. Kodi ndinalakwa chiyani? Kapena ndi malata asanu ndi atatu amene mwana wanga anandisiyira padenga?"

Agogo, pepani kwambiri, ndipo mumuthokoze mdzukulu wanuyo, walemba zomveka. Simunalakwe chilichonse. Ndiloleni ndikufotokozereni m'mene zinthuzi zimayendera, kuti mtima usamakuweruzeni.

Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, anayamba m'chaka cha 2006 ku Mchinji ngati kuyesa chabe, ndipo pofika 2018 anali atafika m'maboma onse 28. Amafuna banja losaukitsitsa limenenso lilibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, kapena alipo mmodzi koma akusenza anthu oposa atatu. Pamenepo inu mukukwanira bwinobwino. Vuto lili pa chiwerengero. Malo amene anaikidwa ndi a mabanja pafupifupi 10 pa mabanja 100 alionse. Koma kafukufuku wa ofesi ya kalembera ku Zomba wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka, ndipo munthu mmodzi mwa asanu alionse ndi wosaukitsitsa, woti ngakhale chakudya chokha sichimkwanira. Mukuona, agogo? Mphasa ndi yaifupi, ogonapo ndi ambiri. Wina miyendo ikhala padothi basi, ngakhale woyalayo atakhala wachilungamo chotani.

Za malata mwafunsazo, mayankho aja amalowetsedwa mu kompyuta imene imasanja mabanja kuyambira wovutikitsitsa, ndipo denga, pansi pa nyumba, ziweto ndi katundu zimawerengedwa. Kompyuta imaona malata. Siiona kuti amene anagula malatawo ali kumanda, ndipo anasiya pakamwa panayi.

Musangokhala chete. Kudandaula ndi ufulu wanu ndipo sikulipiritsa. Tengani chiphaso chanu cha unzika, mupite ndi munthu wamkulu wodziwa kuwerenga, mukaonane ndi a komiti ya pulogalamuyi m'dera lanu. Mukaona kuti sizikuyenda, pitani ku ofesi ya za chisamaliro cha anthu kwa DC. Auzeni akulembeni dandaulo lanu, osati kungokumverani pakamwa. Kaundula amaunikidwanso pakapita nthawi, choncho dzina lanu likhale lodziwika. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti akulowetseni, ameneyo ndi wakuba.

Koma maganizo anga enieni ndi awa. Kusankha osauka pakati pa osauka kumadula ubale m'mudzi, monga zachitikira inu ndi mnzanuyo. Maiko ena anaona zimenezi n'kutsata njira ina. Lesotho, dziko laling'ono losalemera, linayamba mu 2004 kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa okalamba a zaka 70 kupita m'tsogolo, popanda kuwafunsa za denga kapena mbuzi. Botswana anayamba mu 1996, Zanzibar mu 2016. Funso limakhala limodzi: muli ndi zaka zingati? Palibe wodzera kuseri kwa nyumba, chifukwa aliyense akudziwa kuti akafika msinkhuwo nayenso adzalandira. Ndipo ndalama ya agogo tonse timaidziwa kumene imathera: m'mimba mwa adzukulu. Ine ndikulakalaka tsiku limene okalamba onse kuno kwathu adzayambe kulandira motere.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo wina wogulitsa zitsulo mumsika ku Lilongwe, ndipo sanabise mawu.

"Achimwene, ine ndimadzuka 4 koloko m'mawa, ndimadula chiphaso cha msika tsiku lililonse, ndipo palibe anandipatsapo ngakhale tambala. Ndalama zaulerezi zikuphunzitsa anthu ulesi. Kwathu kumudzi tsiku lolandira kokachasu kumadzaza. Bwanji boma osangowapatsa ntchito anthuwa? Pa wailesi mumangowaikira kumbuyo."

Achimwene, thukuta lanu ndikulilemekeza, ndipo zikomo polankhula zimene ambiri amangonong'ona. Koma mwamva kalata ya agogo a ku Dowa. Tiwapatse ntchito yanji, ya khasu pamsewu? Olandira Mtukula Pakhomo ambiri ndi otere: okalamba, olumala, odwala matenda a mgonagona, ana olera ana anzawo. Kwa amphamvu zawo njira ilipo ina, ntchito zachitukuko zolipidwa, zija tinazizolowera kuyambira nthawi ya MASAF m'zaka za m'ma 1990, kukonza misewu ya m'midzi ndi kudzala mitengo.

Za kachasu sindikutsutsani kuti simunaone. Inenso ndinaonapo. Koma woledzera mmodzi amadziwika mudzi wonse chifukwa amaimba pamsewu, pamene amayi makumi awiri amene agula chimanga, sopo ndi yunifomu amangolowa m'nyumba mwakachetechete. Ofufuza amene anatsata mabanja olandira, kuyambira ku Mchinji komweko, anapeza kuti ankadya kangapo patsiku kusiyana ndi kale, ana ambiri ankapita kusukulu, ndipo pakhomo pankayamba kuoneka nkhuku ndi mbuzi. Chinanso chimene chimandigwira mtima: anthu ankachepetsa maganyu a m'minda ya eni n'kumalima yawo. Ganizirani mayi amene mu Januwale amapalira munda wa wina kuti apeze mbale ya ufa, munda wake uli tchire. Chaka chamawa njala imamupezanso pakhomo pomwepo. Kandalama kochepa kofika pa nthawi yake kamadula chingwe chimenecho. Ndipo ndalamazo sizipita ku Dubai, achimwene. Zimathera pa golosale ya pafupi, kuchigayo, ndi kwa ogulitsa makasu ndi misomali ngati inu.

Mawu oti "zaulere" ndi amene ndikufuna tikambirane. Agogo aja akagula mayunitsi a foni amalipira msonkho. Akakwera minibasi kupita kuchipatala, m'mtengo wa mafuta muli misonkho. Analima fodya ndi mtedza zaka makumi angapo, dziko n'kumapeza ndalama zakunja. Penshoni alibe, poti lamulo la penshoni limakhudza makamaka olembedwa ntchito, ndipo Amalawi ambiri sanalembedwepo ntchito ndi munthu. Inunso, achimwene, msana ukadzakana kunyamula zitsulo, adzakulipirani ndani? Akulu anati kupatsa n'kuika.

Ndipo musaganize kuti zimenezi anaziyambitsa anthu a mtima wofewa. Ku Germany, Otto von Bismarck, mtsogoleri wa boma wouma mtima pa ndale, ndiye anakhazikitsa inshuwalansi ya odwala mu 1883 ndi penshoni ya okalamba mu 1889. Ankaopa kuti antchito a m'mafakitale akapitirira kuvutika adzatsata otsutsa boma. Ku Brazil, pulogalamu yopereka ndalama kwa mabanja osauka ya Bolsa Família inayamba mu 2003, ndipo kumeneko anaika lamulo loti banja lolandira lizitumiza ana kusukulu ndi kukabayitsa katemera. Mwina njira imeneyo ingakukhazikeni mtima pansi, ngakhale ine ndimafunsa kuti kodi mungamulange bwanji mayi amene sukulu ili kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi apa: pulogalamu yathuyi yaima pa miyendo ya eni. Gawo lalikulu la ndalama zake limachokera kwa abwenzi akunja monga World Bank, Germany, European Union ndi Ireland. Iwowa akadzatembenuka, agogo adzatsala padzuwa. Komanso kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yolandira ija imasungunuka m'manja isanafike kumsika. Pamene ndalama zathuzathu zambiri, kuyambira 2005, takhala tikuziika ku feteleza wotsika mtengo, amene amathandiza munthu woti ali ndi munda, mphamvu, ndi kandalama koombolera thumbalo. Funso loti msonkho wanu ukupita kuti ndi labwino kwambiri. Mulifunse mokweza, koma muwafunse ogawa bajeti, osati agogo.

Yachitatu ndi yaifupi, yachokera ku Johannesburg: "Bwana, ndimagwira ntchito yosamalira maluwa kuno. Mwana wanga anabadwira konkuno. Kodi angalandire ndalama ya ana ya SASSA?"

Mphwanga, ndalama imeneyo, imene boma la South Africa limapereka kudzera ku bungwe la SASSA, inayamba mu 1998 ili R100 pamwezi, ndipo lero inapitirira R500. Amayang'ana mapepala a wolera mwanayo: akhale nzika ya South Africa, kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, kapena wothawa kwawo wovomerezeka. Okhazikikawo anawalowetsa ndi khoti lalikulu la malamulo mu 2004, pa mlandu umene anakasuma anthu ochokera ku Mozambique. Ngati uli ndi pasipoti ndi chilolezo cha ntchito chokha, iweyo sungalembetse. Ngati mayi a mwanayo ndi a konko, iwowo akhoza kukalembetsa, malinga ndi zimene amapeza pamwezi. Usapereke ndalama kwa aliyense wolonjeza kukukonzera mapepala.

Yomaliza yachokera kwa mayi wina amene amasamalira okalamba ku Manchester, ku Britain.

"Achimwene, chonde auzeni abale athu kumudzi. Amaganiza kuti kuno boma limagawa ndalama kwa aliyense. Pa visa yanga analembapo kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti sindingalandire thandizo la boma ngakhale ntchito itatha. Ndimasambitsa agogo a eni usiku wonse, msonkho amandidula ndisanaione ndalamayo, pamene mayi anga ondibereka ku Mulanje akusamalidwa ndi mwana wa zaka 14. Ndikatumiza zochepa amati ndayamba kunyada."

Chemwali, uthenga wanu wafika, ndipo a ku Mulanje amva ndi makutu awo. Ndawerenga kalata yanu kawiri ndisanalowe muno, ndipo mawu oti mwana wa zaka 14 andikhala pakhosi.

Zimene abale amamva zili ndi pochokera. Mu 1942, nkhondo ili mkati, katswiri wa zachuma William Beveridge analemba lipoti lotchula adani asanu oti dziko la Britain liwagonjetse: usiwa, matenda, umbuli, malo okhala auve, ndi ulova. Nkhondo itatha anakhazikitsa thumba limene wantchito aliyense amaponyamo, ndipo pa 5 Julayi 1948 anatsegula NHS, dongosolo la zipatala za boma zosalipiritsa wodwala akafika. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti anachita zimenezi ali ndi ngongole zankhaninkhani, nyumba zili zogumuka ndi mabomba, chakudya akugula mochita kuwayezera. Sanadikire kuti alemere kaye. Ndiye tikamauzidwa kuti Malawi ndi wosauka kwambiri moti sangasamale okalamba ake, ine ndimakumbuka chaka chimenecho.

Koma inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti kumenekonso denga limadontha. Wolembetsa Universal Credit, thandizo la ndalama la boma kwa osowa ntchito ndi opeza zochepa, amadikira pafupifupi milungu isanu asanalandire koyamba, ndipo anthu ambiri, ena ali pantchito, amakatenga zakudya kumalo ogawa zaulere amene amati food bank. Ndipo dongosolo lonselo latsamira pa manja ngati anuwo, ochokera ku Malawi, Zimbabwe, Nigeria ndi India, amene amaponya m'thumba koma zambiri saloledwa kutapamo. Dziwani kuti si zonse zimene zili m'gulu loletsedwalo. Malipiro a pamene mwadwala ochokera kwa olemba ntchito komanso chithandizo cha NHS sizili m'gulumo, choncho mukadwala musadzibise. A bungwe la Citizens Advice amalangiza mwaulere, pitaniko mukawaonetse mapepala anu.

Kwa abale a ku Mulanje: ndalama imene mumalandira pafoni ija ndi tulo ta mwana wanu. Iye ndiye Mtukula Pakhomo wanu, penshoni yanu ndi chipatala chanu, zonse pamutu pa munthu mmodzi. Khalani pansi monga banja, mugawane masiku ogona kwa mayi, kuti mwana uja abwerere kusukulu.

Nthawi yatithera, wondithandiza kuseri kwa galasi akundikodola. Koma ndisanatseke, ndili ndi pempho kwa mayi a ku Dowa amene dzina lawo linatuluka, ngati akumvera. Amayi, ndalamayo simunabe, ndi yanu. Ulendo wina mukamapita kokalandira mudzere kumaso, muwapatse moni anzanuwo. Ndipo tsiku limene adzapite kwa DC kukadandaula, muwaperekeze, poti inu njira mukuidziwa. Agogo, mukabwerako mumuuze mdzukulu wanu atilemberenso, tidzawerenga pano.