Hatchi singathe kusanza: matenda oyambira m'mimba ndi kapewedwe kake

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikamba za thanzi la mahatchi, ndipo tiyambira m'mimba.

Hatchi singathe kusanza. Chilichonse chimene yameza chimayenera kudutsa m'matumbo otalika mamita pafupifupi 30 kuti chikatuluke. Chifu chake nacho n'chaching'ono, cha malita 8 mpaka 15, poti nyamayi mwachibadwa imadya udzu pang'onopang'ono tsiku lonse. Mukaipatsa chakudya chambiri cha njere nthawi imodzi, mukasintha chakudya mwadzidzidzi, kapena mukaimana madzi, m'mimba mumadzaza mpweya kapena matumbo amatsekeka. Kupotokola kumeneku madokotala a ziweto amakutcha colic, ndipo ndi limodzi mwa mavuto amene amapha mahatchi ambiri.

[Pakanema: hatchi ikupalasa pansi]

Taonani iyi. Ikupalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, kenako ikucheukira kumimba kwake. Yagona, yadzuka, yagonanso n'kuyamba kugubuduka. Thukuta lili kamukamu, udzu sikuufuna, ndipo m'khola mulibe ndowe zatsopano. Mukaona zimenezi chotsani chakudya chonse, muimbire dokotala wa ziweto nthawi yomweyo. Podikira muziiyendetsa pang'onopang'ono ngati ikutha kuyenda. Chonde musaithire mafuta kapena mankhwala kukhosi mokakamiza, akhoza kulowera kumapapo. Werengani kugunda kwa mtima pogwira pansi pa chibwano: hatchi yabwinobwino ikapuma, mtima umagunda ka 28 mpaka 44 pa mphindi. Kukapitirira 60, zinthu zafika poipa ndipo mwina pafunika opaleshoni.

Kupewa kwake n'kosavuta, ndipo n'chifukwa chake zimandiwawa hatchi ikafa ndi vutoli. Udzu ukhale chakudya chachikulu. Madzi aukhondo asasowe, poti hatchi imamwa malita 25 mpaka 50 pa tsiku. Chakudya chatsopano muziyambitsa pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena kuposerapo. Mano aonedwe kamodzi pa chaka, chifukwa akasongoka m'mbali hatchi imameza zosatafuna bwino. Za njoka zam'mimba, yezetsani kaye ndowe m'malo momangomwetsa mankhwala mwachizolowezi, poti njokazo zimafika posamva mankhwala.

Chodabwitsa n'chakuti kudya komweku kumawononganso mapazi. Njere zambiri kapena msipu wanthete wochuluka zimayambitsa laminitis, kutupa kwa minofu yolumikiza chiboda ndi fupa. Hatchi imaima motsamira kumbuyo pothawa ululu wa miyendo yakutsogolo, ziboda zili zotentha. Ichotseni kumsipu, iime pofewa, musaiyendetse, ndipo itanani dokotala. Mahatchi onenepa kwambiri ndi amene amagwidwa msanga. Ziboda muziziyeretsa tsiku lililonse n'kuziwenga pakatha masabata 6 mpaka 8.

Matenda awiri otsalawa amapewedwa ndi katemera. Kafumbata amalowera pabala, ngakhale la msomali umene hatchi yaponda, ndipo mahatchi ambiri akagwidwa sachira. Wina ndi African horse sickness, amene amafala ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha. Akafika m'mapapo amapha mahatchi 9 mwa 10 alionse, ndipo mankhwala ochiza palibe. Kumadera kumene matendawa amapezeka, bayitsani katemera chaka chilichonse nyengo ya tizilomboti isanafike, ndipo hatchi izilowa m'khola dzuwa lisanalowe, n'kutuluka dzuwa litakwera.