Beira: doko limene limatitumizira mafuta, ndi bodza la golide wa Solomo

Petulo wa minibasi imene mwakwera m'mawa uno, feteleza amene mukudikira kumudzi, mwayi ndi waukulu kuti zinatsikira pa Beira. Moni nonse, takulandiraninso. Khalani mpaka pa nambala 2, chifukwa pamenepo pali bodza limene limandipweteka mutu. Ngati simunadine subscribe, dinani pano pansipa, tiyambe.

Nambala 1, mwachangu. Beira ili ku Mozambique, pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja ya mchere ya Indian. Inayamba mu 1887 ngati kamsasa ka asilikali a Chipwitikizi pakati pa matope. Mu 1907 inakhala mzinda, ndipo dzinalo linachokera kwa Luís Filipe, mwana wa mfumu ya ku Portugal, amene ankatchedwa Kalonga wa Beira. Ndipo mpaka 1942 amene ankalamula dera lonselo sinali boma, inali kampani, Companhia de Moçambique. Msonkho kampani, apolisi kampani, ngakhale ndalama ndi masitampa inali nazo zakezake. Basi, tapita.

Nambala 2. Bodza lija.

Mumamva anthu akuti, "Beira ndi mzinda wakalekale, ndi Sofala yemweyo, kumene Mfumu Solomo inkatenga golide." Wina analemba zimenezi m'makomenti a vidiyo yathu ina, ma like mbwee. Abale anga, ayi. Apa pali mabodza awiri omangidwa mtolo umodzi, tiyeni tiumasule.

Loyamba: Beira si Sofala. Chigawo chimene Beira ili likulu lake ndicho chimatchedwa Sofala, n'chifukwa chake anthu amasokonezeka. Koma doko lakale la Sofala linali pena, makilomita oposa 30 kumwera. Limenelo ndiye lakaledi. Wolemba wachiarabu al-Masudi analitchula m'zaka za m'ma 900. Golide ndi minyanga zochokera kumtunda, ku Zimbabwe wa lero, zinkatulukira pamenepo kupita ku Kilwa, doko la ku Tanzania wa lero, ndi kutsidya kwa nyanja. Mu 1505 Apwitikizi, motsogozedwa ndi Pêro de Anaia, anamangapo linga la São Caetano. Kenako mchenga unatseka doko, golide anachepa, malowo anafa pang'onopang'ono. Ndiye tamverani izi: pomanga Beira, anthu anakagumula miyala ya linga lija n'kuibweretsa kudzamangira, ina inalowa mu tchalitchi chachikulu cha Katolika. Zotsala nyanja inameza. Choncho mukaima pa khomo la tchalitchicho, mwala mungaukhudze, koma mzinda wake ndi wa dzana.

Lachiwiri, la Solomo. Inde, pa 1 Mafumu 9 timawerenga za zombo zopita ku Ofiri kukatenga golide. Azungu atafika n'kuona golide ku Sofala, anati eya, Ofiri ndi pano. Mu 1871 Mjeremani Karl Mauch atafika pa mabwinja a Great Zimbabwe, anati ndi za Mfumukazi ya ku Seba. Koma tawerengani zaka. Solomo anakhalako pafupifupi zaka 1,000 Yesu asanabadwe. Great Zimbabwe inayamba kumangidwa cha m'ma 1100 Yesu atabadwa kale. Pakati pamenepa pali zaka 2,000! Akatswiri ofukula pansi, David Randall-MacIver mu 1905 ndi mayi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, anakumba n'kupeza kuti omanga anali anthu akuda a komweko. Chimene chimandinyansa n'chakuti nkhaniyi inakoma kwa atsamunda chifukwa sankafuna kuvomera kuti munthu wakuda angamange linga la miyala lotero. Ndiye lero ndife tikuifalitsa tokha pa WhatsApp? Aaa, tisatero. Amene anakutumizirani uthenga umenewo, mutumizireni vidiyo ino.

Nambala 3, njanji. Ya ku Mutare inafika mu 1898. Ya kwathu inachedwa: poyamba katundu wa Nyasaland ankayenda pa Shire ndi Zambezi kukatulukira ku doko la Chinde; mu 1922 njanji yochokera ku Beira inafika pa Zambezi, koma katundu ankawolotsedwabe pamadzi mpaka mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3, unatsegulidwa pamtsinjewo mu 1935. Kuyambira apo tiyi wa ku Thyolo ndi fodya zinkapita pa sitima mpaka Beira. Nkhondo ya Renamo ndi Frelimo inadula njirayo m'ma 1980, ndipo lero madalaivala a mathanki amadzera pa Mwanza, Tete, Inchope. Madalaivala muli pano? Lembani m'makomenti kuti mzere wa padoko ukutenga masiku angati pano.

Nambala 4 ndingotchula: Grande Hotel, yotsegulidwa pakati pa zaka za m'ma 1950, inatsekedwa mu 1963, lero mumakhala mabanja ambirimbiri opanda kwina kopita. Ndi namondwe Idai wa March 2019, yemwe uja mvula yake inasesanso kuchigwa cha Shire, anasasula madenga mzinda wonse.

Nambala 5, anthu ake. Bishopu woyamba, Sebastião Soares de Resende, ankadzudzula ntchito yokakamiza atsamunda akumva. Arkibishopu Jaime Gonçalves anakhala mkhalapakati wa Renamo ndi Frelimo mpaka pangano la mtendere la ku Rome mu 1992. Jorge Jardim, mkulu wa bizinesi wa ku Beira, anali bwenzi la Kamuzu ndiponso woimira Malawi mumzindawo; ameneyo akufunika vidiyo yakeyake. Mtolankhani Carlos Cardoso, amene anaphedwa ku Maputo mu 2000 akufufuza za kuba kwa ndalama kubanki, anabadwira ku Beira. Mia Couto, mlembi, anabadwira komweko mu 1955. Daviz Simango anakhala meya kuyambira 2003 mpaka imfa yake mu 2021, akugonjetsa chipani cholamula chisankho ndi chisankho. Okonda mpira, Reinildo Mandava, uja anatenga ligi ndi Lille kenako n'kupita ku Atlético Madrid, ndi mwana wa pa Beira.

Sabata ya mawa tikupita ku Nacala, doko lakuya kuposa ili. Dinani kabelu kaja kuti isakupiteni.