Matepi a m'katoni ya agogo aja

Eee, mphwanga, ndi ine malume ako. Zithunzi za katoni ya matepi mwaipeza m'chipinda cha agogo ija ndaziona, ndipo ndamva kuti ukufuna kusamutsira makanema ali m'matepimo pa kompyuta. Kulemba sindingathe, zala zangazi ndi foni sizimvana, ndiye ungomvetsera, pomwe sunamve ubwereze.

Usathamangire kulowetsa tepi mu deki, makina oonetsera matepi aja, ayi. Yamba wawasankhula. Akuluakulu akuda aja ndi VHS, amenewo savuta. Ndaonamonso tiwiri tating'ono tonenepa, timeneto ndi VHS-C, riboni yake ndi yomweyo ya VHS, kungoti timafuna adaputala yooneka ngati tepi yaikulu, umatsekula n'kukaikamo. Koma ukapeza tolembedwa Video8 kapena Hi8, ta makamera a Sony aja, adaputala yake kulibe. Wina akakuuza kuti ali nayo akufuna kukudyera ndalama, timeneto timafuna kamera yake basi. Kaja kochepetsetsa ngati bokosi la machesi ndi MiniDV, kali kale m'chinenero cha kompyuta, kamafuna kamera yake ndi chingwe cha FireWire, ndipo ola limodzi limadya malo okwana 13 GB. Kameneko tikambirana tsiku lina.

Tsopano tenga tepi imodziimodzi, uyang'ane pakawindo kake uli pabwalo powala. Ukaona zoyerayera ngati ufa pa riboni, imeneyo yachita chuku. Nyumba ya agogo ija mvula ikamagwa makoma amachita thukuta, ndiye sindingadabwe. Yachukuyo iike payokha m'jumbo, usaiyandikize ku deki, chifukwa chukucho chimatsalira pa mahedi, tizitsulo ta m'deki towerenga riboni, n'kupatsira tepi iliyonse yobwera pambuyo. Amenewo undisungire, ndidzawaona ndekha. Abwinobwinowo, yang'ana m'mbali mwake, pali kapulasitiki kakang'ono kothyoka. Kathyole. Kakachoka, ngakhale mwana atadina batani lofiira, deki singajambule china pamwamba pa ukwati wa amayi ako. Ine zinandionekera, chinkhoswe cha mnzanga ndinachifufuta ndi mpira.

Deki yatsopano usavutike kuifuna m'sitolo. Kampani yomaliza kupanga, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016, ndiye onse otsala ndi okalamba ngati ine. Usagule, bwereka. Funsa kutchalitchi, funsa amisiri okonza mawailesi ndi ma TV kumsika, kapena madala amene ankayendetsa video show kale, ambiri anangowaunjika pansi pa bedi. Ukaipeza, tamvera bwino apa, uyambe kuiyesa ndi tepi yopanda ntchito, filimu yakarate kaya yanyimbo. Iseweretse, uithamangitse kutsogolo, uibweze, uitulutse. Deki yokhalitsa malamba ake amakhala atafooka, imatafuna riboni ngati mbuzi yapeza pepala. Ikatafuna ya karate palibe wolira.

Chinthu chachikulu chogula ndi kachipangizo kooneka ngati fulashi yonenepa, mbali ina USB, mbali ina tizingwe tolendewera. Uzikafunsa kuti USB video capture, ena amangoti EasyCap. N'kotsika mtengo, ndipo ndisakunamize, si kapamwamba. Akatswiri amakanyoza. Koma VHS payokha chithunzi chake n'chofooka kale, ndipo kamaposa kutalitali zija umanena zoloza foni pa TV. Zimenezo usachite, chithunzi chimaphethiraphethira, ndipo mumalowa mawu a nkhuku ndi ana akulira panja.

Kulumikiza kwake n'kosavuta. Chingwe chachikasu ndi cha chithunzi, choyera ndi chofiira ndi za mawu. Kumbuyo kwa deki ulowetse polembedwa OUT, osati IN, anthu ambiri amagwa pamenepa n'kumati kachipangizo n'kakufa. Ngati deki ili ndi kabowo kamodzi kokha ka mawu, lowetsa choyera. Madeki ochokera ku Britain nthawi zambiri amakhala ndi pulagi yaikulu yamano ambiri yotchedwa SCART, imafuna adaputala yake, ndipo ngati ili ndi kaswitchi ukakankhire ku OUT.

Pa laputopu ikapo pulogalamu yojambulira kanema yotchedwa OBS Studio, ndi yaulere, bando yokha ndiyo ulipire. Mkatimo usankhe Video Capture Device, uloze kachipangizo kaja. Ikakufunsa mtundu wa kanema usankhe PAL, chifukwa ndi umene tinkagwiritsa ntchito kuno, ku South Africa ndi ku Britain komwe. Kukula kwake uike 720 kwa 576, zithunzi 25 pa sekondi. Ukaona chithunzi chopanda mtundu kapena chikugudubuzika, kawirikawiri ndiye kuti yadziika pa NTSC ya ku America. Usakweze manambala kuti chioneke bwino, sichingaoneke bwino, ungodzaza kompyuta.

China, ndipo ichi usaiwale chifukwa cha magetsi athuwa, uonetsetse kuti ikusunga fayilo ngati MKV, osati MP4. Magetsi akazima pakati, kapena laputopu ikazima yokha, MKV imasunga zonse mpaka pomwe yalekezera, pamene MP4 imatha kuonongeka yonse. Ukamaliza, OBS yomweyo ili ndi poti Remux, imasandutsa kukhala MP4 m'kanthawi kochepa. Laputopu ikhale pachaja, ndipo uiletse zogona yokha.

Usanayambe zenizeni, jambula mphindi ziwiri zokha, uimitse, uonere. Mawu akumveka? Akugwirizana ndi milomo? Kuli bwino kudziwa pamenepo kusiyana n'kudziwa patapita maola atatu. Inde, maola atatu. Tepi yolembedwa E-180 ndi mphindi 180, ndipo njira yachidule palibe, imayenera kusewera yonse. Ngati wojambulayo anaumira n'kuika pa LP, poti riboni iziyenda pang'onopang'ono, ndiye maola 6. Ndiye uwerenge matepi ako, udziwiretu kuti ndi ntchito ya masabata. Tepi iliyonse uyambe waithamangitsa mpaka kumapeto n'kuibweza, riboni imasuke, yakhala yomangika zaka zambiri. Kenako dina kujambula pa laputopu, deki pambuyo.

Ukaona mizere yoyera ikuyenda pachithunzi, ndi tracking imeneyo, pali mabatani ake pa rimoti kapena pa deki, dina pang'onopang'ono mpaka ichoke. Tizigzag tating'ono ta pansi penipeni tisakudetse nkhawa, timakhalapo nthawi zonse, TV yakale inkangotibisa. Chithunzi chonse chikasanduka mchenga koma mawu akumveka, mahedi ada. Zula pulagi kukhoma, tsekula pamwamba, uona chinthu chozungulira chonyezimira chopendekeka. Nyowetsa kapepala koyera ndi sipiriti wa isopropyl, kagwirizize pambali mofatsa, uzungulitse chinthucho ndi chala. Usapukute chokweza ndi chotsitsa, ndipo thonje ayi, limakola n'kuthyola hedi. Ukaopa, pita nayo kwa mmisiri.

Fayilo yoyamba ija ndiye mbewu, usaidule, usaichepetse. Yotumiza kwa abale upange ina ndi pulogalamu ya HandBrake, yaulerenso, ndipo imachotsa timizere tonga mano a chipeso tooneka anthu akamavina. WhatsApp imafinya kanema, ndiye usaiyese nkhokwe. Sunga pa laputopu, sunganso pa hard drive ina ikakhale nyumba ina, zofunikitsitsa uike pa Google Drive, amapatsa 15 GB yaulere. Matepiwonso usataye, aimike ngati mabuku pamalo ouma, kutali ndi masipika.

Dzina la fayilo lizinena chaka, mwambo ndi malo, osati zija za video1, video2. Ndipo ukamajambula uitane azakhali ako akhale pambali ndi kope, azikuuza kuti uyu ndi uje, uyo ndi uje, chifukwa theka la anthu ali mmenemo iwe sunawaonepo. Uyambe ndi tepi yolembedwa ndi cholembera chofiira ija. Mmenemo muli agogo ako aamuna akulankhula pa perekaniperekani, ndipo ine mawu awo sindinawamvenso chiwaikireni. Ikatheka unditumizire ngakhale mphindi imodzi. Chabwino, moni kwa onse kumeneko.