Kubuka loji ku West Yellowstone nthawi ya chipale: tsiku ndi limene limadula mtengo

[Chithunzi: msewu wa m'tauni utakwiririka ndi chipale chofewa, ma snowmobile ataima pakhomo pa malo ogona alendo]

Moni nonse, takulandirani. Lero tili ku America, kumapiri a Rocky, m'katauni kotchedwa West Yellowstone m'chigawo cha Montana. Anthu okhalamo sakwana 1,500, ndipo kali pamtunda wa mamita oposa 2,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Kukazizira kuno, misewu yambiri ya m'tauni imasiyidwa ndi chipale chake kuti ma snowmobile aziyendamo. Munthu amadzuka m'chipinda, n'kukwera makina pakhomo pomwepo, n'kulunjika kunkhalango.

Kwa amene simunaionepo, snowmobile ili ngati njinga yamoto, koma kutsogolo ili ndi timatabwa tiwiri totsetsereka, kumbuyo ili ndi lamba wa raba amene amaguguda chipale n'kukankha makinawo. Funso la lero ndi lakuti: munthu wofuna kukakwera chinthu chimenechi amabuka bwanji malo ogona, nanga n'chifukwa chiyani chipinda chimodzimodzi chimakhala ndi mtengo wina sabata ino, wina sabata yamawa?

[Chithunzi: mapu osonyeza malire a Yellowstone National Park ndi nkhalango zoizungulira]

Musanatsegule n'komwe tsamba la loji, dziwani kaye kumene mukufuna kukakwera, chifukwa kuno kuli maulendo awiri osiyana kwambiri, ndipo alendo ambiri amawasokoneza.

Ulendo woyamba ndi wa m'kati mwa paki ya Yellowstone, malo otetezedwa a zachilengedwe oyandikana ndi tauniyi. Yellowstone inakhazikitsidwa mu 1872, ndipo mbali yake yaikulu ili m'chigawo cha Wyoming. Kumayambiriro kwa Novembala misewu yake yambiri imatsekedwa kwa magalimoto. Umatsala msewu umodzi wokha wakumpoto, wochokera ku Gardiner kukafika ku Cooke City. Pofika pa 15 Disembala yambiri mwa misewu inayo imatsegulidwanso, koma kwa ma snowmobile ndi mabasi oyenda pa chipale otchedwa snowcoach, mpaka cha pa 15 Malichi. Ndiye nyengo yonse ndi miyezi itatu yokha basi.

M'pakimu simungangolowa mmene mwafunira. Malamulo amene anakhazikitsidwa mu 2013 amalola magulu 110 okha patsiku, ndipo mwa amenewa, a ma snowmobile sapitirira 50. Gulu limodzi silipitirira makina 10. Makinawo ayenera kukhala a mtundu wovomerezeka, osatulutsa utsi wambiri ndiponso osasokosera. Liwiro ndi mamailosi 35 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 56, ndipo simuchoka mumsewu. Mumayenda pamzere kumbuyo kwa wokutsogolerani, n'kumaima kuti njati za kuno zidutse, mpaka kukafika pa Old Faithful, kasupe wotentha uja amene amatumphira m'mwamba. Ndi ulendo wokaona zachilengedwe. Wofuna liwiro akhumudwa.

Ulendo wachiwiri ndi wa kunja kwa paki, m'nkhalango za boma za Custer Gallatin ndi Caribou-Targhee. Kumeneku kuli njira zosalazidwa zotalika makilomita mazanamazana, kuli phiri la Two Top kumene mphepo imamata chipale pamitengo mpaka mitengoyo kuoneka ngati anthu ovala zoyera, komanso kuli Lionhead kwa akatswiri okwera zitunda. Kunoko mungathe kubwereka makina n'kumayenda nokha m'njira zosalazidwazo.

Kusiyana kumeneku kukukhudza thumba lanu. Zipinda m'tauni zilipo zambiri, popeza zinamangidwira chigulu cha alendo a nyengo yotentha. Mu 2021 paki inalandira alendo pafupifupi 4.9 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo anabwera pakati pa Juni ndi Seputembala. Choncho chimene chimayamba kutha nthawi yozizira kawirikawiri si bedi ayi. Ndi mpando pa gulu lolowa m'paki, chifukwa mipandoyo inawerengedwa kale ndi lamulo ndipo palibe angaiwonjezere. Ine malangizo anga ndi akuti muyambe mwatsimikiza za makina ndi wokutsogolerani pa tsiku limene mukufuna, kenako chipinda. Mukayamba ndi chipinda, mungakhale ndi pogona pabwino kwambiri koma n'kumangoonera anzanu pawindo akunyamuka.

[Chithunzi: Old Faithful Snow Lodge, snowcoach itaima panja]

Nkhani imasintha mukafuna kugona m'kati mwenimweni mwa paki. Nthawi yozizira malo otsegula ndi awiri okha: Mammoth Hot Springs Hotel kumpoto, imene mungafikeko pagalimoto, ndi Old Faithful Snow Lodge, imene simungafikeko pagalimoto ngakhale pang'ono. Onse awiri amayendetsedwa ndi kampani ya Xanterra. Chenjerani ndi mayina: Old Faithful Inn, nyumba yamatabwa yotchuka ija imene mumaiona pazithunzi, imakhala yotseka nyengo yonse yozizira. Yotsegula ndi Snow Lodge. Mukabuka kumeneko, mtengo wa chipinda ndi wapadera, wa snowcoach yokutengani kupita ndi kubwera ndi wapaderanso, ndipo mipando yake iyenera kubukidwa limodzi ndi chipindacho. Kubuka kumatsegulidwa kutatsala chaka ndi kanthu, ndipo masiku a Khirisimasi sachedwa kutha.

[Chithunzi: kalendala ya Disembala mpaka Malichi, masiku ena atazunguliridwa]

Tsopano tione kalendala, poti ndi pamene pagona nkhani yonse.

Masabata oyamba, kuyambira pa 15 Disembala mpaka Khirisimasi isanafike, mitengo imakhala yofewa. Chifukwa chake n'chomveka: chipale sichinakhazikike. Zaka zina chimagwa chambiri msanga, zaka zina misewu ina ya m'paki imakhala idakali ndi phula poyera, ndipo akuluakulu a paki amaletsa kaye ma snowmobile m'misewu imeneyo n'kungolola ma snowcoach. Kutchipa kwa masiku amenewa ndiye kuti loji yakusenzetsani inuyo chiopsezocho. Ngati mukuchokera pafupi, mwina ku Idaho kapena ku Utah, mungayesere. Ngati mukukwera ndege ziwiri kapena zitatu kuti mufike, ine sindingakulimbikitseni.

Kuyambira Khirisimasi mpaka tsiku loyamba la chaka, mitengo imakwera kufika pachimake. Zili monga zimachitikira ku Mangochi pa Tsiku la Anakubala kapena pa Khirisimasi: nyanja ndi yomwe ija, chipinda ndi chomwe chija, koma aliyense akufuna tsiku lomwelo. Masiku amenewa malo ena salola kubuka usiku umodzi wokha, amafuna mugone masiku angapo.

Chaka chikangoyamba, ana akabwerera kusukulu, tauni imapuma. Koma pali masabata awiri amene mlendo wosadziwa tchuthi cha ku America amagwa nawo m'mbuna. Lolemba lachitatu la Januwale ndi tsiku lokumbukira Martin Luther King Jr., ndipo Lolemba lachitatu la Febuluwale ndi Presidents' Day. Onsewa amapanga mapeto a sabata a masiku atatu, ndipo mitengo imalumpha. Sabata ya Presidents' Day ndiyo yovuta kwambiri chifukwa masukulu ena amatsekera sabata yonse.

Pakati pa matchuthi awiriwa ndi pamene ine ndimapakonda: kumapeto kwa Januwale ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, makamaka kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi. Chipale chimakhala chitaunjikana mokwanira, njira sizinakumbike ndi makina ambiri, ndipo loji zimakhala zikufuna alendo. Mtengo wake weniweni ndi kuzizira. Pa 9 Febuluwale 1933, pamalo a alonda a paki pafupi ndi tauniyi, kuzizira kunafika madigiri 54 kunsi kwa ziro. Sikuti zimatero chaka chilichonse, koma mmawa wa madigiri 25 kapena 30 kunsi kwa ziro si nkhani yachilendo kuno, ndipo pa snowmobile mphepo imawonjezera ululu.

Malichi ali ndi ubwino wake. Dzuwa limachedwa kulowa, kuzizira kumachepa, ndipo kumapiri chipale chimakhala chakuya. Koma misewu ya m'paki imayamba kutsekedwa umodziumodzi kumayambiriro kwa mweziwu kuti ayambe kukankha chipale, ndipo Snow Lodge nayo imatseka msanga. Wofuna za kunkhalango Malichi amamukomera. Wofuna Old Faithful asachedwe.

[Chithunzi: tsamba lobukira pa kompyuta, chala chikuloza timalemba ting'onoting'ono pansi]

Nambala yaikulu imene mumaiona pa tsamba lobukira si imene mudzalipire. Montana ilibe msonkho wa pa zogula wamba, koma pa malo ogona ilipo, ndipo tauni ya West Yellowstone imawonjezeraponso msonkho wake wa alendo. Zonse pamodzi zimapitirira 10 peresenti.

Loji zambiri zimagulitsa phukusi la chipinda ndi makina pamodzi, ndipo kawirikawiri limatchipirako kusiyana ndi kugula padera. Koma phukusi lililonse lili ndi zake. Alembereni imelo kapena imbani foni, muwafunse mwachindunji. Kodi zovala zilimo, kutanthauza ovolosi yochindikala, chipewa cholimba, nsapato ndi magolovesi? Malo ambiri amalipiritsa padera. Kodi mafuta ndi oyilo ndi zanga kapena zanu? Tikakwera awiri pa makina amodzi, wachiwiriyo amalipira zingati? Ndalama yolowera m'paki ilimo? Ndipo funso lalikulu kuposa onse: makina akaonongeka, ine ndilipira mpaka zingati? Snowmobile ndi chinthu chodula, ndipo kugunda mtengo wobisika m'chipale kumachitika ngakhale kwa odziwa. Obwereketsa amagulitsa chitetezo chochepetsa ndalama imene mungalipire, komabe chimasiya gawo lina pamutu panu, ndipo ambiri amagwiriratu ndalama pa khadi lanu la kubanki mpaka mutabweza makinawo. Onetsetsani kuti khadi lili ndi mpata umenewo. Musaiwalenso kuti ku America wokutsogolerani amayembekezera kangachepe kothokoza ulendo ukatha.

Woyendetsa aliyense wolowa m'paki ayenera kukhala ndi laisensi yoyendetsera galimoto yosatha ntchito. Wopanda laisensi angakwere kumbuyo, koma sagwira chiwongolero.

Ndime imene ndikupemphani kuti muiwerenge kawiri ndi ya kubweza ndalama. Loji za nyengo yaifupi sizichita chibwana pamenepa, ndipo n'zomveka, popeza chipinda chimene mwasiya kutatsala masiku awiri sangachigulitsenso mosavuta. Onani tsiku lomaliza limene mungasinthe maganizo n'kulandira dipoziti yanu. Onaninso ngati lamulo la chipinda ndi la makina ndi limodzi, chifukwa nthawi zambiri ndi malamulo awiri osiyana ngakhale munalipira pamodzi. Kenako funsani za nyengo: paki ikatseka msewu chifukwa cha mphepo yamkuntho kapena kuchepa kwa chipale, amabweza ndalama, amasuntha tsiku, kapena amakupititsani kunkhalango m'malo mwake? Yankho likhale lolembedwa. N'chifukwa chake ndimati mubuke masiku atatu kapena anayi, ndipo ulendo wa m'paki muuike kumayambiriro, kuti nyengo ikavuta mukhale ndi tsiku losunthirapo.

[Chithunzi: anthu akuyesa timakina tofufuzira pachifuwa asananyamuke]

Kwa amene mukufuna kuchoka m'njira zosalazidwa n'kukwera zitunda, apa ndilankhule mosapita m'mbali. Chipale chimagumuka kuphiri, ndipo chapha okwera ma snowmobile m'mapiri omwewa. Bungwe la Gallatin National Forest Avalanche Center limatulutsa chenjezo mmawa uliwonse nyengo yozizira, pa muyeso wa 1 mpaka 5. Aliyense pagulu ayenera kunyamula kachipangizo kotumiza chizindikiro kuti apezeke akakwiririka, ndodo yofufuzira, ndi fosholo, ndipo azidziwa kuzigwiritsa ntchito. Ngati n'koyamba, lipirani wokutsogolerani. Pa zinthu zonse zimene mungachepetse pa bajeti, ichi musachikhudze. Loji imene wantchito wake sakutha kukuuzani za chenjezo la tsikulo, ine ndingaikayikire.

Ngati moyo wa m'tauni simuufuna, kuli malo ena monga Togwotee Mountain Lodge ku Wyoming, kufupi ndi Jackson, kumene chipinda, makina, wokutsogolerani ndi chakudya zonse zili pamalo amodzi m'phiri. Kalendala ya mitengo ndi yofanana, koma kumeneko malo ena oti muthawireko chipinda chikatha ndi ochepa.

Za mayendedwe: bwalo la ndege la West Yellowstone silitsegula nyengo yozizira. Ambiri amatera ku Bozeman, n'kuyenda makilomita pafupifupi 145 pa msewu wa US 191 wodutsa m'chigwa cha mtsinje wa Gallatin. Msewuwu umaterera, choncho ikani mtengo wa basi yonyamula alendo kapena galimoto yoyenera mu bajeti, ndipo musabuke makina pa tsiku lomwe mukutera.

Abale athu amene muli ku Malawi ndi ku Zambia, mu Ogasiti 2025 dziko la America linayamba kufuna chikole cha ndalama kwa nzika za mayiko awiriwa zofunsira viza yokacheza, ndipo malamulo a viza akhala akusinthasintha. Musalipire kalikonse kosabwezedwa viza isanalowe m'pasipoti.

Kwa inu amene mukukhala kale ku America ndipo mumadziwa kuyendetsa snowmobile, pali khomo lina laling'ono lolowera m'paki popanda kampani. Tsiku lililonse, pa geti lililonse mwa mageti anayi, amalola gulu limodzi la makina osapitirira asanu, lotsogoleredwa ndi mmodzi wa inu. Zilolezo zake zimaperekedwa mwa mayere pa tsamba la boma la pa intaneti lotchedwa Recreation.gov, oyendetsa onse amayamba aphunzira kaye phunziro la pa intaneti la malamulo a paki, ndipo makina ayenera kukhala a mtundu wovomerezeka uja. Kulembetsa mayere kumachitika mu Ogasiti, miyezi inayi nyengo isanatsegulidwe.