Chingerezi chimaphunziridwa ndi khutu

Zikomo a tcheyamani, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, sunthirani kuno chifukwa nkhaniyi ikufuna kumva bwino. Ife tinazolowera chilankhulo chosanama. M'Chichewa, ngakhalenso m'Chitumbuka chomwe ambiri muno mumalankhula kunyumba, chimene chalembedwa ndi chomwecho chimatuluka pakamwa. Malembo a liwu ndi asanu, a, e, i, o, u, ndipo a ndi a basi, kulikonse mungamupeze. Ndiye tikagwira buku la Chingerezi timaliwerenga ndi chikhulupiriro chomwecho, n'kugwa m'mbuna.

Chingerezi chili ndi malembo 26, koma maliwu ake ndi pafupifupi 44, ndipo pa katchulidwe ka ku England pafupifupi 20 mwa amenewa ndi mavawelo. Malembo asanu aja akusenza katundu wa maliwu 20. Chinachitika n'chakuti William Caxton atayambitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster m'chaka cha 1476, kalembedwe kanayamba kukhazikika pamene katchulidwe kanali kakusinthabe. Kalelo k wa mu knife ndi knee ankamveka. Lero anafa, koma papepala akadalipo. Chimodzimodzi b wa mu comb ndi w wa mu write. Musawadzutse, asiyeni agone.

Tiyeni pa mavawelo, chifukwa apa ndi pomwe tanthauzo limasochera. Nenani nane: ship, sheep. Mwamva? Nonse mwanena mawu amodzi kawiri. Loyamba ndi lalifupi, pakamwa pali pomasuka, lilime silikwera kwambiri. Lachiwiri kokani, milomo itambasuke ngati mukumwetulira. Live ndi leave chimodzimodzi, ndipo taganizani mlendo akufunsani ngati mumakhala ku Luwinga, inu n'kumuyankha kuti mukuchokako. Ovuta zedi ndi hat, hut, heart ndi hurt, omwe ife timangowaphatikiza onse kukhala "hati". Amenewa musawathamangire. Yambani ndi awiriawiri, khutu likayamba kusiyanitsa pakamwa padzatsatira.

Chachiwiri ndi chizolowezi cha maphatikizo. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, n'chifukwa chake school tinamusandutsa sukulu, book kukhala buku, store kukhala sitolo. M'Chichewa mawu amenewa ndi athu, ndi olondola, palibe wowaletsa. Koma mukamalankhula Chingerezi, mchira uja duleni. Book athere pa k, milomo isatsegukenso. Mu street musalowetse i pakati pa s ndi t. Enanso poopa kuwonjezera amameza mathero onse, ndiye walk ndi walked zimamveka chimodzi, womvera osadziwa ngati zachitika kale kapena ayi. Mathero a -ed ali ndi maliwu atatu: mu walked amamveka t, mu played amamveka d, ndipo phatikizo lowonjezera limabwera pokhapokha mawu akathera pa liwu la t kapena d, monga wanted ndi needed.

Tsono l ndi r. Ndaona ena mwayamba kale kuseka. Si uchitsiru ayi. M'Chichewa awiriwa sasintha tanthauzo, kawirikawiri timangolemba r pambuyo pa e kapena i, monga bwera ndi lira, kwina konse l, monga kula. M'Chingerezi ndi anthu awiri osiyana. A mpingo mukanena "let us play" m'malo mwa pray, mwaitanira anthu ku masewera. Pa l, nsonga ya lilime igunde kuseri kwa mano akumwamba. Pa r isagunde paliponse, ibwerere m'mbuyo pang'ono, milomo ituluke pang'ono. Light, right. Lice ndi nsabwe, rice ndi mpunga. Amayi a malesitilanti, lomalizali ligwireni bwino.

Za th sindichedwapo. Si th wa mu thumba, monganso ph wa mu phone si wa mu phala koma f. Ikani lilime pakati pa mano n'kupemerera mpweya: think, three. Koma kunena zoona, ine sindidandaula nalo kwambiri. Anthu ambiri a ku Ireland amati "tink", ena a ku London amati "fink", ndipo amamvana. Palibe chifukwa chodzipotokola m'kamwa kuti mumveke ngati muulutsi wa BBC. Chofunika n'chakuti mlendo wopita ku Nkhata Bay akafunsa basi pa depoti, yankho lanu alimve koyamba.

Chimene chimasokoneza kwambiri, ndipo anthu sachilabadira, ndi kutsindika. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, nthawi zonse. Chingerezi chimamenya phatikizo limodzi mwamphamvu, ena n'kuwafooketsa, ndipo malo ake amasuntha. Mu photograph mphamvu ili pa pho, mu photographer yasamukira pa to. Record wotsindika koyamba ndi chinthu, wotsindika kumapeto ndi kujambula mawu. Inu a malonda ku Taifa Market, izi zikukhudza thumba lanu: fifteen amatsindika teen ndi kumukoka mpaka n amveke, fifty amatsindika fif, mathero n'kufupika. Kusiyana kwake ndi K15,000 ndi K50,000.

Amene muli ndi mafoni a intaneti, madikishonale a Cambridge ndi Oxford ali ndi kabatani kotchula liwu lililonse. Mverani, bwerezani, dzijambuleni pafoni, kenako yerekezani. Panopa khalani awiriawiri. Wina atchule thirteen kapena thirty, mnzake alembe nambala yomwe wamva, ine ndizungulira kumvetsera.